Tulo ta Maso Otsegula

Ntchito yanga ndi kukhala pambali pa munthu yemwe watsala pang'ono kugona, galimoto ikuyenda, ine osamudzutsa.

Kampani yomwe ndimagwirako ikupanga kamera yaing'ono ngati bokosi la machesi. Amaimata kuseri kwa chiwongolero kuti iziyang'ana nkhope ya dalaivala. Zikope zikayamba kulemera, kapena mutu ukayamba kugwa, kanyali kake kobiriwira kamasanduka kofiira ndipo belu limalira. Madalaivala anaipatsa dzina loti Apongozi. Amati imangokuyang'anitsitsa, siseka, ndipo ikatsegula pakamwa ndiye kuti walakwa.

Chida chotere sungachiyese pamsewu wa anthu. Timachiyesa pabwalo la ndege lakale, makilomita awiri a phula lowongoka, udzu ukumera m'ming'alu. Lole yathu ili ndi buleki yachiwiri kumbali yanga, ndipo anaimanga kuti isapitirire liwiro la sikisite. Madalaivala odzipereka amachezera osagona pamaso pa anamwino, ndiye mawa lake masana, atadya ndiponso dzuwa litatentha, timawapatsa kiyi. Amayenda mpaka kumapeto, n'kutembenuka, n'kubwerera, n'kutembenukanso, kwa ola ndi theka.

Malamulo anga ndi ochepa. Sindiyankhula, sindimukhudza dalaivala, sinditsokomola dala. Buleki ndimaponda pa zifukwa ziwiri zokha: tayala likadutsa mzere wachikasu wa m'mbali, kapena tikafika pa mgolo wofiira liwiro lisanatsike. Chakumapeto kwa bwaloli kuli chikwangwani choyera pomwe dalaivala amayenera kuyamba kuchepetsa liwiro. Kuchokera pamenepo kukafika pa mgolo wofiira ndi masekondi asanu ndi anayi. Kupitirira mgolowo kuli phula pang'ono, kenako mchenga umene anathira dala, kenako ngalande ndi mpanda wa waya.

Masekondi asanu ndi anayi. Mlungu umenewo ndinali nditawalephera kawiri.

"A Buleki," anandiitana Madamu Lachinayi masana, ndikumanga nsapato pakhomo la ofesi. Madamu ndiwo injiniya wamkulu wa ntchitoyi, ndipo ofesi yawo ndi kontena yopaka penti yoyera, yodzaza makompyuta ndi nthambo. Dzina la Buleki anandipatsa ndi anzanga chifukwa cha phazi langa lofulumira. "Tabwera. Lolemba unaponda munthu akuyasamula chabe. Dzulo unaponda munthu akukanda diso."

"Ndimaona ngati..."

"Ndikudziwa chimene umaona. Koma ukaponda msanga, munthu amadzidzimuka, ndiye usiku wake wonse wapita pachabe. Sitidziwa ngati makina akanalira kapena ayi. Mgolo uja sitinangouponya. Tinayeza kakhumi, lole itanyamula, imaima isanafike pamchenga. Ukachitanso lero ndikuchotsa pampando uja, uzikakulunga nthambo."

"Ndamva, Madamu."

"Mwezi wamawa Apongozi akupita m'malole makumi anayi. Ngati ali ndi vuto, ndikufuna ndilione kuno, osati m'nyuzipepala."

Anandipatsa pepala la dalaivala wa tsikulo. Nambala fotini. Sitilemba mayina, koma pali zaka, pali kutalika kwa ntchito, pali kampani yomwe wachokera. Ndinawerenga mzere wa mabala akale: nthiti zitatu, kumanja. Munthu ameneyu ndinkamudziwa.

Bambo anga anayendetsa malole a maulendo aatali zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo zaka zambiri mwa zimenezo ankasinthana chiwongolero ndi Malume, mchimwene wa mayi anga. Anali ndi lamulo lawo awiriwo: masana akadya, yemwe sakuyendetsa sagona, amalondera mnzake. Miyezi khumi ndi umodzi yapitayo, thuu koloko masana, atayenda msewu wowongoka nthawi yaitali, anafika pokhota. Lole sinakhote. Apolisi sanapeze ngakhale kamzere kamodzi ka buleki paphula. Bambo anafera pachiwongolero. Malume anatuluka ndi nthiti zitatu zothyoka.

Pamaliro anthu ankawafunsa, iwo n'kumangobwereza mawu amodzimodzi. "Ndinkawayang'ana Alamu. Maso anali otsegula. Ndinkawayang'ana ine."

Tsiku lachitatu ndinatopa nawo mawuwo. Ndinaimirira pakati pa anthu n'kunena kuti, "Munagona, Malume. Nonse awiri munagona. Munthu wotsegula maso salowa m'phompho." Mayi anandikoka malaya. Kuyambira tsiku limenelo sitinapatsanenso moni.

Ndinabwerera kukoleji, chaka chachitatu cha zamagetsi. M'chipinda cha mayeso ndinalemba dzina langa pamwamba pa pepala, ndipo mizere yonse yotsalayo inkaoneka ngati msewu. Ndinakhala maola atatu ndikuuyang'ana. Sindinabwererekonso. Nditamva kuti pali kampani yofuna munthu wodziwa kuyendetsa lole ndiponso wodziwako pang'ono nthambo, ndinapita tsiku lomwelo.

Lachinayi lija, Malume ndinawapeza m'chipinda cha anamwino. Anali atakhala pabenchi, msana uli chilili, malaya oyera atawamanga mpaka batani la pakhosi. Anali ataonda. Anamwino, mayi wonenepa wa mawu akulu, ankawapima magazi, ndipo patebulo panali mbale yapulasitiki yodzaza tinthu tomwe analanda kwa madalaivala mlungu umenewo: chingamu, timapaketi ta khofi, kabotolo ka mafuta oyabwa opaka m'munsi mwa maso, mapini awiri.

"Taonani, a Buleki," anatero anamwino, akugwedeza mbaleyo. "Anthu anu awa. Ndimawauza m'Chichewa chomveka kuti sitikuyesa inu, tikuyesa makina, mukagona ndiye mwatithandiza. Onse amavomera ndi mutu. Ndikatembenuka, wina wabisa pini m'sokosi kuti azidzibaya."

"Ine simunandipeze ndi kanthu, amayi," anatero Malume.

"Inu ndiye mwandiopsa kuposa onse. Usiku wonse osayasamula n'kamodzi komwe. Kodi ndinu munthu kapena chipilala?"

"Ndine dalaivala."

Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana. Maso awo anali ofiira m'mbali koma otseguka kwambiri, nsidze zili m'mwamba ngati munthu yemwe wamva nkhani yodabwitsa.

"Mphwanga."

"Malume."

Anamwino anasiya kupopa. Anatiyang'ana tonse awiri, n'kunyamuka kuti akufuna kukatenga cholembera, cholembera chili kukhutu kwawo.

"Mwadziwa bwanji kuti ndimagwira kuno?"

"Amayi ako. Kuntchito atafunsa ofuna kubwera, ndinakweza dzanja ndekha." Anakonza kolala. "Iwe wa sukulu sukhulupirira pakamwa pa munthu. Ndiye ndati bwanji makina ako akuuze okha. Zaka makumi atatu, sindinagonepo pantchito. Uone ngati belu lakolo lilire."

"Si mayeso anu, Malume."

"Kwa iwe si mayeso."

Madamu anamva, chifukwa anamwino sanakatenge cholembera. Anandiitanira kuseri kwa kontena. "Bwanji sunandiuze? Mnzako wosinthana naye wapita kuchipatala ndi msana. Ndikhoza kuwabweza kwawo abambowa."

"Achezera kale."

"Sindikufunsa zimenezo. Phazi lako lingadikire mgolo, munthu ali malume ako?"

Ndinanena kuti lingadikire. Sindikudziwa ngati ndinkanena zoona. Mbali ina ya mtima wanga, ndivomere, inkafuna kumva belu lija likulira pankhope pawo.

Tisananyamuke ndinachita zonse monga mwa masiku onse. Ndinayendetsa lole ndekha mpaka pakati pa bwalo n'kuyesa buleki yanga katatu. Ndinagogoda matayala. Ndinayang'ana malamba onse awiri. Ndinavala kachida ka m'khutu komwe Madamu amandiyankhulira, n'kumangirira pabondo kabatani komwe ndimadina ndikaganiza kuti dalaivala wagona. Kabataniko sikaliza kanthu m'galimoto. Kamangoika chizindikiro pakompyuta ya Madamu, kuti pambuyo pake ayerekeze diso langa ndi la Apongozi. Galimoto ya anamwino inaima pamthunzi pakati pa bwalo, injini ikulira.

Malume anakwera osagwira chitseko. Anasuntha mpando, anakonza magalasi, anayang'ana kamera.

"Moni, Apongozi," anatero. "Lero muchita manyazi."

Tinanyamuka thuu koloko itangodutsa.

Munthu yemwe sanayendepo pabwalo limenelo sangamvetse mmene limatopetsera. Palibe mtengo, palibe mbuzi, palibe wanjinga. Wailesi ndi yoletsedwa. Mawindo amakhala otseka, mkati muli kutentha kofunda ngati bulangeti. Matayala akamadutsa molumikizira phula amati du-dum, du-dum, mofanana, mpaka mtima wako umayamba kutsatira. Mphindi zisanu zilizonse, mawu ojambulidwa amatuluka pasipika: "Tulo muli nato bwanji, kuyambira wani mpaka naini?" Wani ndiye kuti uli maso kwambiri. Naini ndiye kuti ukulimbana nato ndipo tikukugonjetsa.

"Wani," anatero Malume.

Kuyendetsa kwawo ndinali nditakuiwala. Giya imalowa osamva. Pachikwangwani choyera phazi limachoka pamoto, lole n'kutsika liwiro pang'onopang'ono, tikamafika pa mgolo wofiira tili kale pa twente. Amatembenuka ndi chikhatho chimodzi. Ndipo chala chachikulu cha dzanja lamanja chimagogoda chiwongolero nthawi zonse, ta, ta-ta, ta, popanda nyimbo iliyonse. Bambo nawonso ankatero. Ndili mwana, patchuthi, ankanditenga ulendo umodzi, ndikhale pakati pawo, ndipo ndinkagona ndikuyang'ana zala ziwirizo, cha woyendetsa pachiwongolero, cha wolondera pabondo.

Ndinachotsa maso pa chalacho n'kuyang'ana kunja.

Patapita theka la ola anali pa "Thuu." Ananena monyinyirika, ngati akupereka mphatso kwa munthu wosayenera. Thukuta linali litayamba kudetsa kolala yoyera ija. Madalaivala ena pofika nthawi imeneyi amakhala akusuntha matako, akupukuta nkhope, akuyasamula mobisa pakamwa patatsekedwa. Malume anali chikhalire. Nsidze m'mwamba, chipumi chili makwinya, maso gwa kutsogolo. Kanyali kobiriwira.

"Abambowa ndi olimba," anatero Madamu m'khutu mwanga. "Zikope sizikutsika n'komwe. Mwina lero tituluka chimanjamanja."

Ulendo wa khumi ndi chisanu ndi chiwiri, ndinaona kuti asintha giya mochedwa pang'ono. Ulendo wotsatira anatembenuka motambalala kuposa kale, tayala n'kuyandikira mzere wachikasu koma osaukhudza. Phazi langa linanyamuka lokha n'kukaima pamwamba pa buleki. Ndinalibweza pansi.

"Tulo muli nato bwanji, kuyambira wani mpaka naini?"

"Thuu."

Mawuwo anatuluka olemera, lilime ngati lanyowa. Ndinafuna kuwauza kuti, Malume, nenani zoona, palibe akuchotseni ntchito. Ndinaluma mlomo.

Tinatembenuka kumapeto a kufupi ndi ofesi n'kuyamba ulendo wopita kumbali ya ngalande. Liwiro linakwera, fote, fifite, sikisite, n'kuima pamenepo pomwe makina amaligwira. Du-dum, du-dum. Tinadutsa galimoto ya anamwino. Chikwangwani choyera chinayamba kuoneka patali, chikunjenjemera m'kutentha kwa phula.

Chimene ndinazindikira poyamba ndi bata. M'galimoto munasowa kanthu. Ndinatsitsa maso.

Chala chinali chitasiya kugogoda. Chinangogona pachiwongolero, chopindika pang'ono, ngati chala cha mwana wakhanda.

Ndinayang'ana nkhope. Maso anali otsegula. Otsegula ndithu, kuposa anga. Koma sankayenda. Munthu woyendetsa maso ake sakhala pamodzi, amadumpha kuchoka pamsewu kupita pagalasi, pagalasi kupita pa wotchi ya liwiro. Awa anali ngati mawindo a nyumba yomwe eni ake anasamuka. Mlomo wa m'munsi unali utalekana pang'ono ndi unzake. Mpweya unkalowa mozama, n'kutuluka pang'onopang'ono.

Ndinadina batani la pabondo.

"Ndaona chizindikiro chako," anatero Madamu. "Kuno n'kobiriwira. Maso ali bwinobwino, mutu uli chilili, lole ili pakati pa mizere. Dikira."

Ndinadinanso. Ndinadinanso kachitatu.

"A Buleki, ndati dikira."

Lole inkayenda mowongoka ngati ili panjanji. Manja a zaka makumi atatu safuna mwini wake kuti agwire msewu wowongoka. Ndipo pamenepo, chikwangwani chikukula patsogolo pathu, ndinamva mawu a pamaliro aja m'mutu mwanga, mmene anawanenera, mawu osweka a munthu wa nthiti zothyoka. Ndinkawayang'ana Alamu. Maso anali otsegula.

Phazi linali kale pabuleki, chala chachikulu chikumva chitsulo kudzera m'nsapato.

Ndikanaponda pamenepo, chikwangwani tisanachifike, ndinkadziwa zomwe zikanachitika. Malume akanadzidzimuka n'kunena kuti anali maso. Apongozi akanawavomereza. Madamu akanalemba kuti Buleki wachitanso zake. Mwezi wamawa kamera ikanakwera m'malole makumi anayi, ikuyang'ana maso otsegula a anthu ogona, kanyali kake kali kobiriwira. Ndipo palibe aliyense, ngakhale ine ndemwe pofika mawa, akanakhulupirira zomwe ndinkaonazo. Umboni wokha unali chikwangwani. Malume anachepetsa liwiro pamenepo maulendo onse. Akapanda kuchepetsa, palibe angatsutse.

Ndinakweza phazi pang'ono, kuti lisakhudze.

Chikwangwani choyera chinadutsa pawindo langa. Injini sinasinthe mawu.

Wani. Thuu.

Mgolo wofiira unali kutsogolo, waung'ono ngati chitini. Kuseri kwake mchenga, kuseri kwa mchenga waya ukunyezimira.

Filii. Folo.

Bwanji ngati buleki yanga ikana? Ndinaiyesa katatu. Bwanji ngati adzidzimuka n'kukhotetsa chiwongolero mwamphamvu? Lole ya sikisite ikhoza kugubuduzika. Ndinatambasula dzanja langa n'kuliika pafupi ndi chiwongolero, osachigwira, monga anatiphunzitsira.

Faifi.

"Sakuchepetsa," anatero Madamu. Mawu awo anali atasintha. "Sakuchepetsa. Kuno kukadali kobiriwira. Anamwino, nyamukani."

Sikisi.

Ndinayang'ana munthu yemwe anandiphunzitsa kupalasa njinga, yemwe ananyamula bokosi la Bambo ndi nthiti zomanga m'mabandeji, ali pambali panga maso ali phenyu, mwini wake kulibe. Ndinaganiza kuti: ndi mmene analili. Masekondi awo omaliza, Bambo ankaoneka chonchi, ndipo munthu wowakonda anali pampando uno akuwayang'ana, mtima uli m'malo.

Seveni. Eyiti.

"Tsopano!" anakuwa Madamu, koma phazi langa linali litatsika kale, mgolo uli pambali pa tayala.

Lamba anandidula pachifuwa. Matayala analira. Dzanja langa linagwira chiwongolero, ndipo nthawi yomweyo Malume anabwerera m'thupi mwawo. Anakoka mpweya ngati munthu wotuluka m'madzi. Manja awo analimba, akufuna kukhotetsa, ine ndikukaniza ndi mphamvu zanga zonse.

"Alamu!" anakuwa. "Alamu, khotani!"

Lole inatsetsereka, inagwedezeka, n'kuima. Injini inazima yokha. Patsogolo pathu panali patatsala phula lokwana malole awiri, kenako mchenga. Fungo la matayala opsa linalowa m'galimoto.

Pamenepo mutu wa Malume unagwa pachifuwa, maso anatseka ndi mantha, ndipo Apongozi anayatsa kanyali kofiira n'kuyamba kuliza belu.

Ndinaseka. Sindinafune, koma kunatuluka kuseka koipa, kosakoma, misozi ili m'maso. Ndinazula nthambo ya belulo.

"Waponderanji?" anatero Malume. Ankapuma mwabefu. "Ndinali ndisanafike pachikwangwani."

"Chikwangwani chili kumbuyo, Malume."

Anayang'ana pagalasi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mwachisuntha."

"Palibe wachisuntha."

"Ine sindinagone. Funsa makina akowo. Analira? Analira ndisanaime?"

"Sanalire."

"Ndiye!"

Anamwino anafika, anatsegula chitseko, anawagwira dzanja n'kuwunika m'maso ndi katochi. "Tsikani, bambo chipilala," anatero, koma mofatsa. "Tiyeni mukamwe madzi."

M'kontena munali anthu anayi ndi fani imodzi. Madamu anabweza kanema mpaka pomwe ndinadina batani koyamba. Nkhope ya Malume inadzaza sikirini, yotuwa, timizere tobiriwira ta kompyuta titazungulira maso awo. Pambali panali manambala a liwiro ndi chithunzi cha msewu.

"Apa ndi pomwe mphwanu anadina," anatero Madamu. "Yang'anani maso. Kwa masekondi makumi awiri ndi imodzi sanasunthe, sanaphethire. Apa pali chikwangwani. Phazi lanu silinachoke pamoto. Makina athu amawerenga mmene chikope chatsikira. Chanu sichinatsike, ndiye anati muli maso." Anavula magalasi n'kupukuta nkhope. "Madalaivala khumi ndi atatu, onse ankatseka. Ndinkaganiza kuti tamaliza."

Malume anayandikira sikirini mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda. Anapempha kuti abwezenso. Anabweza. Anapemphanso kachitatu. Kenako anakhala pabokosi la nthambo.

"Ndi momwemo," anatero. "Ndi momwemo ndithu mmene analili Alamu. Ngakhale mlomowo."

Fani inkazungulira.

"Amene anatiphunzitsa lole, ine ndi bambo ake a mnyamatayu, anali munthu mmodzi," anatero, akuyang'ana pansi. "Ankakhala pampando wa pambali, dzanja lili kuseri kwa khosi lako. Chikope chikangotsika pang'ono, mbama. Osafunsa. Tsiku lonse, mbama. Ndiye tinaphunzira kukweza nsidze chonchi, n'kuzigwira. Tinkanyadira. Tinkati tulo tinatigonjetsa." Anakweza nsidze kuti ationetse, kenako anazisiya zigwe. "Si ife tokha. Onse a msinkhu wathu anadutsa m'manja otero."

Madamu anali atayamba kale kulemba. "Angakhale angati kuntchito kwanu?"

"Amene tsitsi layera? Onse."

"Ndiye Apongozi sapita kulikonse mwezi wamawa." Anatembenukira kwa ine. "Unadziwa bwanji? Unadina kusanachitike kalikonse."

"Chala," ndinatero. "Chinasiya kugogoda."

"Mawa undilembere zonse. Chala, maso, mpweya, giya ija inachedwa. Ulembe monga munthu wa chaka chachitatu, osati monga Buleki." Anaima pang'ono. "Unadikira mgolo."

Ndinavula kachida ka m'khutu n'kukaika patebulo.

Lamulo lomaliza la ntchito yathu ndi loti dalaivala yemwe wachezera sayendetsa popita kwawo, ngakhale njinga. Timamuperekeza pa kagalimoto ka kampani. Ndinatenga kiyi ndisanauzidwe. Malume anazungulira mwachizolowezi kupita kuchitseko cha dalaivala, anaima, n'kubwerera kumbali inayo.

Tinatuluka pageti dzuwa litapendeka. Ana asukulu ankabwerera kwawo m'mbali mwa msewu. Ndinkayenda pa fote, minibasi zikundiimbira hutala.

Mawu ndinali nawo kuyambira pa sekondi yachisanu ndi chiwiri, koma ankakana kukwera. Tinadutsa malo omwetsera mafuta, tinadutsa msika. Pamaloboti ofiira ndinayang'ana kutsogolo n'kunena.

"Munali maso tsiku lija, Malume."

"Ndinali maso."

"Ndinakunenani pakati pa anthu."

"Unanena." Anapukuta chikhatho pabondo. "Ndikanakonda ukananena zoona. Munthu wogona sakumbuka kanthu. Ine ndimakumbuka zonse. Ndinawayang'ana, ndinati ali bwino, n'kuyamba kusenda lalanje."

Maloboti anasintha. Wa kumbuyo anaimba hutala. Ndinalowetsa giya molakwika, galimoto n'kudumpha.

"Giya imeneyo anakuphunzitsa ndani?" anatero Malume. "Si ine."

"Bambo."

"Ndinawauza kuti akukulekerera."

Patapita kanthawi anafunsa ngati Madamu adzauze abwana awo zomwe zachitika. Ndinawauza kuti pamapepala athu iwo ndi nambala fotini basi. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti adzawauza okha, chifukwa pali anyamata omwe amakhala pambali pawo akukhulupirira maso.

"Tipite kwa amayi ako," anatero. "Kwathu kulibe munthu masana ano."

Ndinakhota njira ya kwathu. Iwo anali chikhalire, msana chilili, nsidze m'mwamba, akuyang'ana msewu m'malo mwanga. Chala chawo chinkagogoda pabondo.

"Gonani, Malume. Ndikuyendetsa ndine."

"Wapambali sagona masana."

"Ine ndagona usiku wonse. Tsekani maso."

Anatsamira. Ndinkawaona ndi ngodya ya diso. Zikope zinatsika theka, n'kudumphanso m'mwamba zokha, ngati zikuyembekezera mbama. Zinatsikanso, n'kudumphanso. Ndinachepetsa liwiro, ndinapewa maenje onse omwe ndikanatha kupewa. Kachinayi zinatsika n'kukhala.

Pakhomo pathu sindinazimitse injini. Mayi anatuluka akupukuta manja, anayang'ana pawindo, anaona mchimwene wawo, anandiyang'ana ine. Ndinaika chala pamlomo.